Tsiku Limene Tinaperekeza Agogo a Felikisi Pakati pa Bwalo

Ndikakumbukira agogo a Felikisi, chimayamba kundifika m'mphuno ndi utsi wa masamba ouma, wosakanikirana ndi fungo la kabichi amene ankawiritsa tsiku ndi tsiku ngati anachita kuwalembera dokotala. Nyumba yawo inayandikana ndi yathu kumadzulo kwa mzinda wa South Bend ku America, m'kamsewu ka nyumba zakale zamatabwa, ndipo mitengo ikayamba kuyoyola masamba ankawatenthera mu mgolo kuseri kwa nyumba, ngakhale kuti zinali zoletsedwa, atakhala pa mpando wachitsulo, ndodo ili pakati pa miyendo, wailesi ikulongolola za mpira pa zenera la kukhitchini. Loweruka la masewero mzinda wonse unkakhamukira mbali imodzi, magalimoto akuliza mahutala, ng'oma za bandi zikumveka chapatali, koma iwo sankasuntha pampando paja. Ankangopukusa mutu n'kumakangana ndi wailesiyo.

Ine ndinali ndi zaka khumi, nditangofika kumene kuchokera ku Zingwangwa. Bambo ankaphunzira ku yunivesite, mayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Mayi sizinkawalowa m'mutu kuti munthu wopitirira zaka makumi asanu ndi anayi azikhala yekha, kudziphikira yekha, kudzitsekera chitseko yekha, anthu tili pomwepo kuseri kwa mpanda. Ndiye anandilamula kuti ndikaweruka kusukulu ndizikawasesera masamba ndi kuwatulutsira zinyalala, ndiponso kuti ndiziwatchula agogo. Mkuluyo, amene makolo ake anachokera ku Poland, atafunsa tanthauzo la mawuwo n'kulimva, anandiuza m'Chingerezi chake chosasa kuti alibe mdzukulu ndipo sakufuna wobwereka. Ndinapitirizabe kuwatchula choncho chifukwa mayi ndinkawaopa kuposa iwo.

Musaganize kuti inali nkhalamba yopatsa ana maswiti. Ndikasesa ankaloza ndi ndodo pamene ndasiya, ndikabwereza ankati ndazula kapinga. Masabata oyambawo ndinkadana nawo kwambiri, ndipo pobwerera kunyumba ndinkawanyogodola m'Chichewa ndili ndi mtima wonse, podziwa kuti sakumva.

Zinthu zinasintha tsiku lina mpira wa anyamata a kutsidya kwa msewu utagwera pabwalo lawo. Unali mpira wa kuno uja, wosongoka mbali zonse ziwiri. Kuponya ndi manja sindinkatha, choncho ndinaugwetsa pansi n'kuumenya ndi phazi utangonjanja, monga tinkachitira ndi asuweni anga pa mpira wamapepala kwathu. Unadutsa pamwamba pa mawaya a magetsi. Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa amene anandiphunzitsa. Nditati palibe, anadzikoka pampando, kulowa m'nyumba, n'kutulukanso ndi mpira wina wachikopa chakuda, wonenepa ngati dzungu laling'ono, ndi chipewa chachikopa chofewa, chovala posewera mpirawo, chimene munthu ungachipinde n'kuika m'thumba. Kuyambira tsiku limenelo ndinkasesa pang'ono, kumvetsera kwambiri.

Nkhani yawo inali imodzi, ya chaka chimodzi, koma sinkatha. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha kumene, iwo, mwana wa munthu wosula makasu a pulawo kufakitale, anapita ku kakoleji kena kakang'ono kufupi ndi Indianapolis. Timu ya mpira ya kumeneko inali ya ana a alimi ndi ana a m'mafakitale, ochepa moti sankadzaza ngakhale ngolo imodzi ya sitima. Bwalo lophunzirirapo masana linali lodyerapo ng'ombe m'mawa, ndipo asanayambe ankatenga mafosholo kuchotsa ndowe. Mphunzitsi wa timu anali yemweyo wophunzitsa masamu, ndipo lamulo la masiku amenewo silinkamulola kukuwa malangizo ali kunja kwa mzere, kotero masewero akayamba anyamatawo ankadziganizira okha. Munthu mmodzi yemweyo ankathamanga ndi mpira, ankatchinganso adani, kuyambira pa wezulo yoyamba mpaka yomaliza. Ukatuluka m'chigawo chachiwiri, kaya wathyoka chala, kaya mutu ukuzungulira, sunkaloledwa kubwereranso. Pofika apa agogo ankaloza wailesi ija ndi ndodo n'kunena kuti ana a masiku ano amasewera atavala ngati akupita kumwezi, ndipo akangopuma mwamphamvu kawiri amakakhala pabenchi.

Chaka chimenecho kakoleji kaja, kamene anthu ankakaseka, kanayamba kugonjetsa anzake mmodzimmodzi. Poyamba anthu ankati ndi mwayi. Kenako ogulitsa m'masitolo a m'tauni yawo anayamba kutseka Loweruka masana, alimi kubwera pa ngolo, ana kukwera m'mitengo kuti aone. Masewero omaliza anali ku Indianapolis, ndi koleji yaikulu ya ana a anthu olemera, imene osewera ake apabenchi okha ankaposa timu yonse ya agogo. Mvula inagwa kuyambira m'mawa. Matope anafika poti sunkadziwa mnzako ndi uti, mdani ndi uti, ndipo mphuno ya agogo inathyoka chigawo chachiwiri chitangoyamba. Anakana kutuluka. Mpaka dzuwa kupendeka palibe mbali imene inali itapeza kanthu. Kumapeto kwenikweni anzawo anakankha mpaka kufika chapafupi ndi mitengo ya golo, mmodzi anapalasa matope ndi dzanja kuti papezeke pouma pogwetsera mpira, ndipo agogo anaugwetsa n'kuumenya.

"Sindinauone," ankatero nthawi zonse. "Magazi anali atanditseka m'maso. Ndinangomva anthu."

Akafika pamenepa nkhope inkawala, ndipo ine, amene malamulo a mpirawo sindinkawadziwa bwino, ndinkamva tsitsi kunyamuka. Kenako ankatchula anzawo aja maina, aliyense ndi malo amene ankasewera ndi imfa imene anafa. Wina nkhondo yachiwiri, wina mtima, wina anangogona osadzukanso. Akamaliza ankaponya masamba ena mu mgolo. Otsala anali iwo okha.

Tinakhala choncho zaka ziwiri. Anandiphunzitsa kugwetsa mpira wonenepa uja mowongoka, osaupotoza, ndipo ndikaphonya ankandinena kuti ndili ndi miyendo ya mpando. Mayi ankawatumizira nyemba ndi mpunga, iwo n'kumabweza mbale ili ndi kabichi wawo uja, amene kunyumba tinkangopatsirana ndi maso.

M'chaka chachitatu, masamba atayambanso kugwa, koleji ija inaimba foni. Inkafuna kukumbukira timu ya chaka chija pa nthawi yopumira ya masewero ena ku Indianapolis, ndipo itafufuza inapeza kuti wamoyo ndi mmodzi yekha. Mayi woimba foniyo anali waulemu. Anafunsa kuti abale obwera nawo ndi angati kuti awasungire mipando, ndipo anawatsimikizira kuti asadandaule za kuyenda, pakhala kagalimoto kakang'ono kaja ka kumabwalo a gofu kowatengera pakati pa bwalo. Agogo anayankha kuti aganiza kaye. Mkazi wawo anali atamwalira kalekale, mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira asanakwatire. Tsiku lotsatira anandiuza ndikusesa kuti sapita.

"Bwalo lija ndinalituluka ndi miyendo yanga," anatero. "Sindingabwerereko ngati thumba la mbatata, ndekhandekha. Ndikati ndiyende ndi ndodoyi, ndikafika mawa, anthu akuomba m'manja mondimvera chisoni."

Loweruka limenelo wailesi sinayatsidwe, ndipo sabata yonse kabichi sanamveke fungo. Zinandipweteka kwambiri. Munthu anasunga chaka chimodzi m'chifuwa moyo wake wonse, kuchifotokozera kamtsikana kosesa masamba, ndiye pamene anthu akuti bwerani tikumvereni, manyazi n'kumutsekera m'nyumba. Ndinawakwiyiranso, chifukwa ndinkaona kuti ndi matama chabe.

Nditawauza mayi, anali akuvula nsapato za kuntchito. Anasiya imodzi ili kuphazi.

"Akuti alibe abale? Nanga ife ndife mapolo a magetsi?"

Anapita konko atavala yunifomu yomweyo, ine ndili pambuyo. Za miyendo sanazitchule n'komwe. Anangowauza kuti kwathu munthu sapita yekha kokalandira ulemu, amaperekezedwa, ndipo kukana kuperekezedwa n'kunyoza anthu okhala nawo pafupi. Agogo anati imeneyo ndi nkhani ya kwanu. Mayi anayankha kuti mpanda umene uli pakati pa nyumba ziwirizi ndi waufupi kwambiri moti za kwathu zinadumpha kale. Anakangana mpaka tiyi kuzizira. Pomaliza agogo, mwina pofuna kungothana nazo, anavomera kuti apita, koma akakhala pampando n'kuimika dzanja basi, pakati pa bwalo sakafikapo. Anati auza a koleji kuti asunge mipando itatu. Mayi anangoti chabwino.

Mipando itatu imeneyo inali maganizo a agogo. Titangolowa m'nyumba mayi ananyamula foni.

"Mayi Banda, ndakukolerani nkhani ya agogo athu aja. Loweruka la mawa lija musapike shifiti, ngati munasaina kale muswichane ndi wina. Muwauzenso a ku Indianapolis. Aliyense atenge chitenje."

Mayi Banda anali mtsogoleri wa kwaya ya Amalawi a kutchalitchi kwathu, munthu woti akamva za mwambo sagona. Nkhani inayenda ngati ya ukwati. Anamwino anasinthana masiku, ophunzira anasiya mabuku, anzathu opemphera Loweruka, amene sakanatha kubwera, anatumiza nkhuku ndi mandasi zophikiratu Lachisanu. Ambiri mwa anthu amenewa agogo a Felikisi anali asanawaonepo. Zinali zokwanira kuti ndi nkhalamba yoyandikana ndi mmodzi wa ife.

Tsikulo tinanyamuka m'mawa kukuwaza kamvula. Agogo anakhala kutsogolo m'galimoto ya bambo, atavala suti yakuda yonunkha m'bokosi, chipewa chachikopa chija chili pamiyendo. Msewu wopita kummwera unkadutsa m'minda ya chimanga chokololedwa kale, ndipo iwo ankangoyang'ana kunja, mpaka penapake anapempha bambo kuti atembenuze galimoto. Bambo ananamizira kuti palibe potembenukira. Pamene agogo anaona magalimoto ena akutitsatira ankaganiza kuti ndi apaulendo wamba. Anazindikira titaima pa malo oimikapo magalimoto a masitolo a mu Lafayette Road, pamene anzathu a ku Indianapolis ankatidikira, azimayi atamanga mipango kumutu, ana atavala majekete pamwamba pa zovala za kutchalitchi. Anafunsa kuti ukwati ndi wa ndani. Mayi anawayankha kuti akaona konko.

Bwalolo silinali lalikulu ngati la kwathu ku South Bend, koma anthu anadzaza. Tinakhala mbali imodzi, agogo pakati pathu. Kunena zoona, chigawo choyamba tinachititsa manyazi. Anthu athu ambiri mpira umenewu sankaudziwa, ndiye mnyamata wa timu yachilendo atathamanga bwino n'kukagoletsa, azimayi anaimirira ndi nthungululu, anthu a koleji ya agogo n'kutitembenukira ndi maso ofiira. Ine ndinafuna kulowa pansi pa benchi. Koma agogo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anayamba kuwafotokozera mayi Banda amene ayenera kumuululutira.

Nthawi yopumira itakwana, osewera analowa m'zipinda zawo, wolengeza anayamba kufotokoza za timu yakale ija, ndipo mayi woimba foni uja anabwera ndi kagalimoto kake kudzayesanso mwayi. Tinatsika nawo agogo mpaka pa mzere wa m'mbali kuti akaimike dzanja pomwepo monga ananenera. Dzina lawo litamveka pa zokuzira mawu, anthu anaomba m'manja. Agogo anayang'ana kagalimoto kaja, anayang'ananso pakati pa bwalo pamene panaikidwa maikolofoni. Dzanja lawo linali paphewa panga. Ndinaona kuti akufunitsitsa kukafika. Anandinong'oneza kuti ndi patali kwambiri.

Mayi anga sanawanyengerere. Anamasula chitenje m'chiuno n'kuchiyala pa kapinga wonyowa patsogolo pa mapazi awo, monga timachitira ndi munthu wolemekezeka. Mayi Banda anayala chawo kutsogolo kwa cha mayi, wina kutsogolo kwa chimenecho, mpaka panaoneka kanjira ka maluwa ndi mbalame ndi mitundu yonse kolowera m'bwalo. Kenako mayi Banda anayambitsa nyimbo yolowera akwati, anthu onse n'kulandira, ndipo tinafola mizere iwiri, uku ndi uku, agogo ali pakati.

Amene anaonapo akwati akulowa mu holo kwathu akudziwa kuti sitepe yake ndi yotani. Umaponda kamodzi, kuima, kugwedeza mapewa, n'kupondanso. Munthu wothamanga pamenepo ndiye wolakwa. Agogo anayang'ana nsalu ili pansi, anayang'ana ife tikugwedezeka pamalo amodzi, ndipo anatsogoza ndodo. Phazi linatsatira. Anapuma, ife tikugwedeza mapewa. Anatsogozanso ndodo. Kayendedwe kawo kaja, kamene ankachita nako manyazi, kanalowa ndendende mu sitepe ya nyimboyo, moti munthu woonera kumtunda sakanadziwa kuti akudikira mnzake ndani. Atsikana tinkathamanga kutola zitenje zimene adutsapo kale n'kukaziyalanso kutsogolo, zili matope okhaokha, eni ake osadandaula.

Tisanafike patali, oimba ng'oma a bandi ya koleji, amene ankadikira nthawi yawo kumbali, anayamba kutsatira nyimbo yathu. Anthu m'mabenchi anaimirira mzere ndi mzere, kuomba m'manja motsata ng'omazo. Kumeneku sikunali kuomba kwa chisoni. Agogo anawongola msana. Penapake anaima, n'kuvala chipewa chachikopa chija kumutu, ndipo bwalo lonse linaphulika. Nthawi yopumira inatha ife tikadali m'njira. Osewera a matimu onse awiri atatuluka anapeza bwalo lawo lili ndi azimayi ovina, ndipo anangoima m'mbali n'kuvula zipewa zawo zolimba zija. Woimbira mpira anayang'ana wotchi kamodzi, kenako anaika manja kumbuyo.

Anafika. Anafika ndi miyendo yawo, thukuta lili chuchuchu m'kuzizira konse kuja, ndipo anaima pakati pa bwalo osagwira munthu. Ine ndinkalira osabisa. Mayi wa koleji uja, amene anakonzekera mipando itatu, anatiyang'ana tonse, gulu la anthu akuda ovala mipango titazungulira nkhalamba ya Chipolishi, ndipo anafunsa pa maikolofoni, mosokonezeka ndithu, ngati onsewa ndi abale awo.

"Ayi," anatero agogo.

Mtima wanga unagwa. Anapuma kaye, chifukwa mpweya unali utawathera.

"Si onse. Ena atsala ku ntchito."

Nthungululu imene inamveka pamenepo sindinaimvenso kwina kulikonse. Za mmene masewero aja anathera musandifunse, palibe mmodzi wa ife amene akukumbukira. Pobwerera agogo anadya mandasi m'galimoto, nyenyeswa zili pa suti, akuwafotokozera bambo za matope a tsiku lija kuyambira pachiyambi, ndipo bambo, amene anali ataimva kale nkhaniyo, ankafunsa mafunso ngati ndi yachilendo.

Anakhala nafe chaka china ndi miyezi ingapo. Atamwalira tinakhala maliro m'nyumba mwawo monga mwa mwambo wathu, azimayi pansi, azibambo panja atazungulira mgolo uja, ndipo oyandikana nafe ena anadabwa kuti mkulu wosayankhulitsa uja anali ndi anthu ochuluka chonchi.

Lero ndimagwira ntchito m'chipatala china ku Indianapolis, yothandiza anthu amene anafa ziwalo kapena kuthyoka kuti ayambenso kuyenda. Ululu ambiri amaupirira. Chimene chimawagonjetsa ndi manyazi, kuonedwa akukwawa m'khonde lalitali anthu akuwadutsa. Ndikakumana ndi wotere sinditsogola, sindimukokanso. Ndimaima pambali pake, kung'ung'udza nyimbo pansipansi, n'kumaponda pamene iye waponda, kuima pamene iye waima, mpaka tikafike kumapeto. Nthawi zina mlendo wodutsa amationa tikuyenda choncho n'kundifunsa ngati nkhalambayo ndi m'bale wanga. Ndimayankha kuti inde.